Miyala ya pa Njinga ya Atate

Kompasu inali imodzi pa shikola yonse, ndipo inkakhala m'thumba la malaya a apulofesoro, aphunzitsi athu a dezenyu, phunziro la kujambula. Enafe tinkajambula zozungulira ndi munga wa mthethe, kachingwe ka khonje ndi kalapizi kolembera kotsalira kovuta ndi kugwira komwe. Mwana wa masiku ano akamandidandaulira kuti sangaphunzire chifukwa alibe chakutichakuti, ndimangomuyang'ana. Sindikunena kuti umphawi ndi wabwino, ayi, ndinadana nawo ndipo ndimadana nawo mpaka lero. Koma ndikamawerenga malo onse amene ndakhalako, palibe pamene ndinasangalala ngati m'kachipinda kaja kamene tinkati ofisina, momwe kale ansembe ankasungiramo matabwa.

Shikolayo inali cha ku Mualadzi, m'nyumba zimene amishoni anasiya boma litazitenga. Makalasi athuwo nthawi imeneyo ankawerengedwa kuti ndi a sekondale, ndiye kumudzi tinkayenda mapewa ali m'mwamba. Phunziro la dezenyu linkayenda pamodzi ndi ntchito zamanja: m'mawa ujambule chinthu, masana ukachipange. Atsikana ankatitumiza kosoka. Ine singano inkandinyansa, ndipo ndinakaima pakhomo la ofisina masana aliwonse mpaka apulofesoro anatopa nane. Anali bambo wowonda wa kumzinda wa Tete, wa Chinyanja chopindikapindika chimene tinkachiseka kumbali. Anandilola kulowa, nati bola ndisalire ndikadzicheka. Ndinadzicheka tsiku lomwelo ndi macheka, ndipo ndinalira, koma kunali kulira kwa ukali chifukwa anyamata anaona.

Mapepala athu anali matumba a simenti amene tinkawang'amba bwinobwino ndi kuwasalaza ndi botolo. Lamulo la apulofesoro linali lakuti chinthu chilichonse chijambulidwe katatu: mmene chikuonekera kutsogolo, kumbali ndi pamwamba. Ukabweretsa mbali imodzi yokha, ankakubweza osayang'ana ndi nkhope yomwe. Tinajambula mpando, khasu, chitseko cha khola, mpaka mtondo wa amayi ndinauyeza ndi chingwe iwo akundithamangitsa. Tinapanga chogumulira chimanga cha thabwa ndi misomali chimene chinkagumula zala kuposa chimanga. Fungo la zopalapala za mlombwa ndikalimva lero, ngakhale pamsika, ndimaima kaye.

Phunziro limene tinkalikonda linali la regwa, kathabwa koyezera ndi kulembera mizere. Apulofesoro ankagoneka regwa yawo yathabwa pachala, n'kuika nyemba mbali iyi, timiyala mbali inayo, kenako n'kumatifunsa kuti igwera kuti. Tinkakangana ngati pamlandu. Ankati chinthu sichigwa chifukwa cholemera, chimagwa chifukwa mbali imodzi yasowa mnzake. Ife tinkangoona ngati masewera, makamaka nyemba zikamwazika pansi.

Nkhondo inatipeza pang'onopang'ono. Poyamba inali nkhani za apaulendo, kenako mfuti zinayamba kumveka kumapiri, kenako mabenchi a m'kalasi anayamba kukhala ndi mipata. Ukafunsa za mnzako, ankangoloza ndi mlomo cha ku Cassacatiza, kutanthauza kuti banjalo lawolokera ku Zambia. Mlongo wanga wamkulu anali atatengedwa kale kupita ku usilikali. Pakhomo tinatsala atatu: ine, amayi ndi atate.

Atate anali chimunthu, wamtali ndiponso wathupi, amene anakhala zaka zawo zonse akupalasa njinga kukagulitsa fodya kutsidya kwa malire. Chaka cha dzana lake anagwa kumunda, ndipo kuyambira pamenepo dzanja ndi mwendo wakumanzere zinazizira. Njinga ija anaipachika kudenga, koma ankaitsitsitsa nthawi ndi nthawi kuti aipake mafuta a nsatsi ndi dzanja limodzi lija. Kutchalitchi sankapita. Amayi anali a m'gulu la azimayi a kuparishi, pomwe atate ankathira nsembe yawo ya ufa patsinde pa msolo kuseri kwa nyumba, ndipo ukwati wawo unkayenda choncho popanda wogonja.

Akhristu a kwathu atayamba kupangana zonyamuka pamodzi chimanga chikalowa m'nkhokwe, atate anati ife tizipita, iwo atsala. Amayi anati sasuntha popanda mwamuna wawo. Amuna oti n'kunyamula munthu wamkulu chotero ulendo wonsewo panalibe, aliyense anali ndi ana ndi nkhalamba zake. Ndiye nkhani inali yoonekeratu: atate akapanda kunyamuka, tonse atatu tidikira anthu a mfuti a m'tchire pakhomo. Ndinkawakwiyira onse awiri, ndipo ndinkachita mantha kwambiri.

Nthawi yomweyo apulofesoro anatipatsa ntchito yomaliza ya chaka, yakuti aliyense aganize yekha chinthu chimene chikusoweka kwawo, achijambule, achipange. Ine sindinachedwe ndi kuganiza. Kuseri kwa ofisina kunali wilibala yakufa imene inatsala ndi gudumu labwino. Ndinajambula machira a gudumu limodzi: nsungwi ziwiri zazitali, timitengo topingasa, mphasa pamwamba, zogwirira kutsogolo ndi kumbuyo, kuti akazi awiri athe kukankha munthu wogona m'kanjira kopapatiza. Mbali zonse zitatu zinali m'malo mwake. Apulofesoro anaonetsa pepala langa kalasi yonse, ndipo anyamata aja anameza malovu. Titamanga, ndinagonekapo mnyamata wonenepa kuposa onse n'kumuzungulitsa bwalo la shikola ndekha.

Chinthucho ndinachikankha kupita nacho kumudzi masana dzuwa likuswa mtengo, ndikuyenda monyada. Ndinaona azimayi a pachitsime akusiya kucheza, wina n'kudzilemba chizindikiro cha mtanda, koma ndinati ndi nsanje. Nditafika pabwalo ndinachiimika patsogolo pa atate, amene anali atakhala pakhonde, ndi kuyamba kufotokoza za gudumu.

Atate anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Mwanawe, ndisanafe wandimangira kale chithatha?"

Ndinatembenuka kuchiyang'ananso. Nsungwi ziwiri, timitengo topingasa, mphasa. Ndinali nditaona maliro ambiri akutuluka m'mudzi mwathu pa chinthu chomwecho, koma pa pepala la simenti sindinachizindikire. Ine ndinkaona miyezo basi.

Manyazi anandisandukira mkwiyo, monga amachitira kwa ine mpaka lero. Ndinawauza kuti chithatha sichikhala ndi gudumu, ndiponso kuti akapitiriza kuuma mutu chenichenicho chibwera, chathu tonse. Amayi anandiyang'ana diso limodzi lokha, ndinatseka pakamwa. Atate anapempha kuti awalowetse m'nyumba. Amayi anandiuza motsitsa mawu kuti chinthucho chisagone pakhomo, ndipo ndinakachiponya kuchigwembe, ndikuchitukwana njira yonse.

M'mawa mwake ndinakathira ukali wanga wonse pa apulofesoro, ngati kuti ndi iwo anandituma. Anandimvera mpaka ndinatha mawu. Kenako anandifunsa kuti kodi mwini wake ananena chiyani ndisanajambule. Ndinati sindinawafunse, munthu wodwala ungamufunsenso chiyani. Anagwira pachipumi nati iwonso anayamikira pepala osafunsa kuti wokwerapo ndani, ndiye talakwa tonse. Anandilanda lapizi, nandiuza kuti ndikakhale ndi atate masiku angapo, osatchula za kuthawa, ndingoona mmene amakhalira, mmene amadzukira, ndi kumene maso awo amapita.

Ntchito imeneyo inandivuta kuposa macheka, chifukwa kukhala chete si mphatso yanga. Masiku oyamba atate sankandilankhula. Ndinkakhala pakhonde ndikusenda nyemba, ndikuba maso. Ndinaona kuti sankalola kugonekedwa masana ngakhale atatopa, ankafuna msana uli chilili. Ndinaona kuti munthu akawalankhula ataimirira, akuwayang'ana chotsitsa, ankayankha mwachidule. Dzanja lawo lamoyo silinkakhala lopanda kanthu, linkafuna chogwira. Ndipo maso awo, akaganiza kuti palibe akuwaona, ankapita kudenga kumene kunali njinga.

Tsiku lina ndinawafunsa, ngati zocheza chabe, kuti kodi fodya uja ankadutsa naye kuti pozemba anthu a pamalire. Apo ndiye ndinatsegula mtsinje. Anandiuza za tinjira todutsa kuseri kwa mapiri, za mitsinje imene siphwa m'chilimwe, za thanthwe limene ukalifika umakhota kumanja, za mudzi wa munthu wina wofulula kachasu wabwino. Anayankhula mpaka chakudya chinazizira. Ndili kumvetsera, ndinazindikira kuti m'gulu lonse lofuna kunyamukalo panalibe wodziwa njira za m'tchire ngati munthu amene ine ndinkafuna kumugoneka pamphasa, nkhope kumwamba.

Ndinabwerera ku ofisina ndi ganizo loti akwere njinga yawo yomwe. Pa keliyala sakanatha, chifukwa thupi linkagwera kumanzere. Tinakangana ndi apulofesoro masana onse, mpaka iwo anatulutsa regwa ija n'kuigoneka pachala. Ndinaseka. Mpando unayenera kukhala m'mbali mwa njinga, pansi ndithu, pakati pa matayala awiriwo, munthu atakhala chilili, wokhala ndi chotsamira ndi popondapo mapazi. Mbali inayo kukhale katundu wolemera mofanana naye. Tsiku limenelo apulofesoro anapisa m'thumba la malaya nandipatsa kompasu yeniyeni kuti ndijambulire matayala. Tayala loyamba linatuluka ndi kamchira.

Ulendo uno pepala ndinakayamba kuonetsa atate. Ndinakhala pansi, ndinawafotokozera, n'kuwauza kuti anthu a kuparishi akusowa wowalondolera. Anazindikira msanga kuti ndikuwanyengerera, si ana ayi, koma anaonanso kuti ndi zoona. Anati aganiza. M'mawa mwake anapereka malamulo awo: njingayo isakhudzidwe ndi macheka, isabooledwe paliponse, ndipo zopalasira zikachotsedwa azisunga okha, chifukwa akachira adzazibwezera. Za kunyamuka sanalonjeze. Anati aone kaye ngati chinthucho chiime.

Apulofesoro anabwera okha kudzawayeza. Anakhala pansi pafumbi ndi buluku lawo limodzi labwino lija, nawatchula kuti abambo, napempha chilolezo asanawakhudze ndi chingwe. Atate anawaseka Chinyanja chawo pamaso, chinthu chimene ife tinkachitira kumbali, ndipo anagwirizana kuyambira pamenepo.

Tinamanga m'masiku omaliza a shikola, m'kalasi mutatsala anthu owerengeka. Mpando tinaupanga ndi mlombwa wa benchi lothyoka. Poti kuboola kunaletsedwa, tinapana chitsulo cha njinga ndi timatabwa tiwiritiwiri ta mabawuti, ndi kumanga ndi malegeni. Machubu anali atatha kalekale, ndiye matayala tinawadzaza nsanza ndi udzu mpaka kulimba. Ku handulo tinamangako ndodo kuti woongola aziyenda motakasuka kumbali ya katundu. Kudzanja lamanja la mpando ndinaikako chogwirira chosalala. Anyamata amene ankandiseka aja anagwira nane ntchito osafunsa malipiro, ndipo sindinawathokoze mokwanira. Titamaliza, apulofesoro anatseka ofisina ndi waya, nati tidzaonana mvula ikagwa. Anakwera lole ya asilikali yopita ku Tete. Sindinamvenso za iwo, ndipo ndimawasowa.

Tsiku loyesa, tinamanga mbali inayo thumba la chimanga cha mbewu, makasu ogulula mipini, miphika ndi zofunda. Ine ndi amayi tinawakhazika atate pampando. Titangosiya pang'ono, njinga inagwera kwa iwo, ndipo tikanapanda kuigwira tikanawagwetsa. Tinaonjezera nkhwangwa, sizinathandize. Mtima wanga unagwa, ndinati basi apeza chifukwa chotsalira.

Koma atate anayamba kuseka, kuseka kwawo koyamba chigwereni kumunda. Anati ndiye kuti chuma chonse cha pakhomo pano sichikufika pa mwini wake. Kenako anandituma kuti ndikatole miyala patsinde pa msolo, pamene ankathirapo nsembe, ndiiike m'kathumba mbali ya katundu. Amayi anang'ung'udza kuti iwo Mkhristu wobatizidwa azikankha mizimu ya eni ake mpaka ku Zambia. Atate anati mizimuyo nayonso ithawe nkhondo, yalakwanji. Ndinaponya mwala, kenako wina, kenako wina, ndikumvera m'manja monga tinkachitira ndi regwa, mpaka njinga inaima yokha ndikuigwira ndi zala ziwiri.

Atate anagwira chogwirira chija, nayang'ana msolo, nayang'ana amayi. "Tiyeni," anatero.

Tinanyamuka ndi gulu la kuparishi kutangocha, ufa ndi nyemba zili pamitu, belu la njinga titalimanga nsanza kuti lisalire. Ine ndinkaongola, amayi akukankha kumbuyo. Msewu waukulu tinausiya, tinalowa m'tinjira ta fodya. Atate anakhala chilili, zopalasira zili m'thumba la jekete, akuloza ndi dzanja lamoyo, ndipo ngakhale akatekista ankabwera kudzagwada pambali pa mpando kufunsa kuti tikhote pati. Ankanditchula enjenyera, mwina mondinyoza mwina monyadira, ndi atate sunkadziwa. Ndikanama ndikati masiku oyambawo anali oipa okhaokha. Ndinkatopa, mapazi anang'ambika, koma chinthu chimene ndinajambula pa thumba la simenti chinkayenda, ndipo atate anali pamenepo.

Ulendo umene pa njinga atate ankautha msanga unatitengera nthawi yaitali. Tinamva kuti kutsogolo kuli anthu a mfuti, ndiye tinabisala m'mapiri, kusuntha pang'ono, kubisalanso, mwezi n'kutha, wina n'kuyamba. Ufa unachepa. Chimanga cha mbewu amayi analetsa kuchikhudza. Madzi a m'zithaphwi anawatsegula m'mimba atate, ndipo chakudya chawo chinayamba kupezeka m'manja mwa ana a anthu ena. Ndikawakalipira, ankati munthu wongokhala samva njala.

Tsiku lina tikukwera kachitunda ndinamva njinga ikunditsamira paphewa. Ndinaganiza kuti malegeni amasuka, ndinawamanganso, koma inatsamirabe kumbali ya katundu. Katunduyo anali yemweyo, palibe chimene tinaonjezera. Ndinali nditaphunzira bwino phunziro la regwa, ndiye sindinafunikire wondiuza kuti amene ankapepuka ndi atate. Popuma, amayi atapita kukatunga madzi, ndinatulutsa mwala umodzi n'kuuika bwinobwino patsinde pa mtengo. Njinga inaimanso.

Patapita masiku ndinatulutsa wina. Kenako wina. Ndinkasankha nthawi imene amayi ali kutali ndipo atate akusinza, ndipo mwala uliwonse ndinkausiya pamthunzi, sindinkauponya. Ndinadana ndi manja anga chifukwa cha kumva kwawo. Amayi ankati atate akuoneka bwinoko lero, ine n'kuvomera.

Titayandikira malire, kumtunda kwa Cassacatiza, tinaima pamtsinje wouma kuti anthu amwe madzi ofukula mumchenga. Kutsidya tinkaona madenga a midzi ya ku Zambia. Njinga inali itayambanso kunditsamira kuyambira m'mawa. Ndinapisa m'kathumba kaja ndipo ndinapezamo mwala umodzi wokha. Ndinautulutsa, ndinayesa njinga, ndipo inatsamirabe kwa katundu. Ndinaima pamenepo mwala uli m'manja, osadziwa chochotsa china.

"Womaliza umenewo, eti?" anatero atate. Maso anali otseka, koma sankagona.

Ndinaufumbata mwalawo.

"Ndakhala ndikuwerenga, enjenyera. Usausiye umenewo. Bwera nawo kuno, ndiunyamule ine."

Ndinauika pamiyendo pawo, iwo anasiya chogwirira n'kuuphimba ndi dzanja lamoyo lija. Ndinayesanso, ndipo njinga inaima. Amayi anabwera ndi madzi, anatimwetsa, anagwira kumbuyo, nati lero njinga ikuyenda mopepuka. Atate anati n'chifukwa chakuti woikonza anaphunzira. Tinawoloka mtsinjewo dzuwa lili pamutu, atate ali chilili, akutiuza pokhota.

Mbewu ija tinaibzala kutsidya mvula itagwa, ndipo atate anaiona itamera, koma sanadyeko. Mwala uja uli pamanda awo ku Zambia. Zopalasira tinazipeza m'thumba la jekete, zopakidwa mafuta a nsatsi.